Ideon ndi Baldios: makatuni a nkhondo oyenera kumveka m'Chichewa ku Angónia

Kanema wojambula pamanja, amene ambiri amangomutchula kuti katuni, amatengedwa ngati chotonthozera ana, ndipo n'chifukwa chake eni nyumba zoonetsera mavidiyo ku Ulónguè, ku Dómuè ndi ku Calómuè, pamodzi ndi anyamata amene amaika mafilimu m'mafoni a anthu, amathamangira mafilimu a karate, a asilikali ndi a ku Nigeria, amene ambiri mwa iwo amafika atamasuliridwa kale m'Chichewa kuchokera ku Malawi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akulepheretsa anthu a kumapiri kuno kuona nkhani ziwiri za ku Japan, Space Runaway Ideon ndi Space Warrior Baldios, zimene zimafotokoza nkhondo ndi kuthawa kwawo moona mtima kuposa mafilimu a mfuti amene amadzaza mabenchi madzulo aliwonse.

Makatuni a ku Japan amatchedwa anime, ndipo mtundu wina wa makatuniwo, wotchedwa mecha, umasimba za maloboti aakulu ngati phiri amene munthu amalowa m'kati mwake n'kumawayendetsa pankhondo. Mtundu umenewu unatchuka ndi Mazinger Z wa Go Nagai mu 1972, ndipo ndalama zojambulira zinkachokera kwambiri ku makampani opanga zidole, amene ankafuna kuti mwana akaona lobotilo pa wailesi yakanema akakamize makolo kumugulira chidole chake. Ideon ndi Baldios zinayamba kuonetsedwa mu 1980 pa Tokyo Channel 12, yoyambayo mu May ndipo inzakeyo mu June, ndipo zonse ziwiri zinadulidwa mu January 1981 nkhani isanathe, chifukwa oonera anali ochepa ndipo zidole sizinkayenda malonda. Ideon inaima pa gawo la 39, Baldios pa gawo la 31, ndipo mathero ake enieni anadzaoneka m'mafilimu, wa Baldios mu December 1981 ndi awiri a Ideon mu July 1982. Mlandu wa nkhani zimenezi unali woti zinkalankhula ndi akuluakulu pa nthawi imene ogulitsa ankayembekezera ana.

Ideon inakonzedwa ndi Yoshiyuki Tomino, amene anali atangomaliza Mobile Suit Gundam ya 1979, ndipo imayamba pa dziko lakutali lotchedwa Solo, kumene anthu ochokera padziko lapansi afukula loboti ndi chombo cha mtundu wakale umene unatha. Kukufika mtundu wina wa anthu, a Buff Clan, amene akufunafuna mphamvu yotchedwa Ide, ndipo nkhondo ikubuka popanda aliyense amene anaifuna, chifukwa cha mantha ndi kusamvana. Pali malo ena m'nkhaniyo pamene anthu a ku Solo akukweza nsalu yoyera pofuna mtendere, osadziwa kuti kwa a Buff Clan nsalu yoyera imatanthauza kumenyana mpaka wina atheretu. Kuyambira pamenepo opulumuka akukhala othawa nkhondo, akuyendayenda m'chombo chodzaza ndi amayi, ana ndi makanda, ndipo kulikonse kumene afika, ngakhale kwa abale awo a padziko lapansi, akukanidwa malo poopa kuti adani awatsatira.

Apa ndi pamene munthu wa ku Angónia angamve nkhaniyi kuposa woonera wa ku Tokyo wa 1980. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ena mwa iwo kungodumpha msewu umene kwa mtunda wautali ndiwo malire a maiko awiriwa. Malire amenewo, ochokera pa pangano la Britain ndi Portugal la 1891, anadula pakati dziko la Angoni a Maseko ndi Achewa, kotero kuti wothawa nkhondo ankalandiridwa ndi malume ake kapena apongozi ake, koma n'kumatchedwabe mlendo pokalandira ufa. Mu Ideon muli mkazi, Karala Ajiba, mwana wa mkulu wa asilikali a Buff Clan, amene akukhala pakati pa adani a bambo ake n'kutenga pakati pa mmodzi wa iwo, Bes Jordan. Kwawo akumutcha wachiwembu, kumene akukhala akumukayikira, ndipo pomaliza akuphedwa ndi mkulu wake Harulu. Mabanja ambiri a m'malire muno, amene anali ndi mwana mbali iyi ya nkhondo ndi wina mbali inayo, safunika kuwalongosolera tanthauzo la zimenezi.

Baldios, yojambulidwa ndi kampani ya Ashi Productions, imayamba ndi dziko lotchedwa S-1, limene laipitsidwa ndi poizoni wa zida za nyukiliya mpaka anthu ake akukhala pansi pa nthaka. Wasayansi wina, Dr. Reigan, watsala pang'ono kupeza njira yoyeretsera dzikolo, koma mkulu wa asilikali Gattler akulanda boma, wasayansiyo akuphedwa, ndipo anthu akutengedwa kukalanda dziko lapansi. Mwana wa wasayansiyo, Marin Reigan, akuthawira padziko lapansi n'kumamenya nkhondo mbali ya eni dziko, amene kwa nthawi yaitali sakumukhulupirira, pamene Aphrodia, mtsogoleri wa asilikali a Gattler, akumusaka chifukwa cha imfa ya mlongo wake. Gawo lomaliza limene linaonetsedwa pa wailesi yakanema linathera pa chigumula: adani asungunula madzi oundana a kumalekezero a dziko, nyanja yasefukira, anthu mabiliyoni afa, ndipo loboti la Baldios silinathe kuchitapo kanthu. Filimu ya 1981 ndi imene inaulula bwino chinsinsi cha nkhani yonse, chakuti S-1 ndi dziko lapansi lomweli m'tsogolo, kuti oukirawo anabwerera m'mbuyo m'nthawi mosadziwa, ndipo kuti nkhondo yawoyo ndi imene inawononga dziko limene ankalithawa.

Mwa ziwirizi, Ideon ndi imene akatswiri amaitchula kawirikawiri, makamaka chifukwa inasonkhezera Hideaki Anno pokonza Neon Genesis Evangelion mu 1995, ndipo n'zoona kuti zojambula zake, nyimbo za Koichi Sugiyama ndi kazukutidwe ka mitima ya anthu ake n'zapamwamba kuposa za Baldios, imene magawo ake ena anajambulidwa mothamanga ndipo amabwerezabwereza nkhondo zofanana. Komabe pa funso lalikulu, loti ndani ali ndi mlandu, Baldios ndiyo yolimba mtima. Mu filimu yomaliza ya Ideon, Be Invoked, mphamvu ya Ide ikufafaniza mitundu yonse iwiri, kenako mizimu ya akufa ikuoneka itagwirizana, ikupita kukabadwanso kwina, ndipo ngakhale chithunzicho n'chokhudza mtima, chimasenzetsa gawo la mlandu mphamvu yosaoneka ndi kupatsa opha anzawo chiyambi chatsopano chimene sanachivutikire. Baldios siipereka chitonthozo chotero. Mankhwala a vuto la S-1 analipo, munthu wa mfuti anawaswa dala pofuna ulamuliro, ndipo zotsatira zake zinagwera ana a ana ake. Dera limene linaona masukulu, zipatala ndi zigayo zikutenthedwa ndi ana a dziko lomwelo, ndipo lero likuona mitengo ikutha m'mapiri chifukwa cha makala ndi fodya pamene anamondwe ngati Idai wa 2019 ndi Freddy wa 2023 akusakaza Mozambique ndi Malawi, likufunika kwambiri nkhani yosakhululukira munthu msanga.

Ena adzanena kuti zimenezi n'zachilendo, n'zakale, ndipo muli imfa zambiri. Kunena za chilendo, mafilimu a ku Hong Kong ndi ku Hollywood amene amaonetsedwa tsiku ndi tsiku nawonso si a kuno ku Angónia, ndipo palibe amawakana pa chifukwa chimenecho. Kunena za imfa, dandaulolo lili ndi maziko, pakuti Be Invoked imaonetsa ngakhale ana akufa pankhondo, ndipo siyenera kuonetsedwa kwa ana aang'ono. Koma kusiyana kwake n'kwakuti mufilimu ya msilikali mmodzi wopha mazana oonera amaomba m'manja, pamene mu Ideon ndi Baldios imfa iliyonse imasiya wamasiye, ndipo palibe wopambana woti n'kumuimbira nthungululu. Achinyamata a ku Angónia amene anabadwa 1992 itadutsa amamva za nkhondo mwapatalipatali, chifukwa makolo ambiri safuna kutchula zimene anaona, ndipo nkhani ya kudziko lopeka imalola agogo ndi mdzukulu kukambirana za kuthawa, za kukayikirana ndi za kubwezera popanda kutchula chipani kapena dzina la mnansi.

Ntchito yatsala kwa omasulira mafilimu, amene luso lawo lasandutsa kale Chichewa kukhala chilankhulo cha kanema m'malire monse muno. Nkhani ziwirizi sizifuna womasulira wothira nthabwala pa mzere uliwonse, zimafuna wina womvetsa chisoni chake, wopeza chilolezo kwa eni ake, ndi womasulira magawo onse pamodzi ndi mafilimu omalizira, chifukwa popanda mafilimuwo woonera amasiyidwa panjira monga anasiyidwira a ku Japan mu January 1981. Aphunzitsi a kusekondale ndi atsogoleri a magulu a achinyamata m'mipingo ya ku Ulónguè ndi ku Dómuè aziitanitse nkhanizi ndi kuzionera limodzi ndi achinyamata awo, ndipo ngati mphamvu zingakwanire imodzi yokha, ayambe ndi Baldios.