Kompyuta yanu siinafe, lowani mu BIOS musanaigulitse ku scrap

Imwe amene muli na kantemba ka photocopy na printing mu Chibolya, olo kufupi na Soweto Market, nkhani iyi muidziwa. Malaiti abwera m'mawa, kasitomala waimirira na flash m'manja, afuna CV yake ituluke chifukwa interview ni 10 hours. Mwatinika batani, fan yalira, koma m'malo mwa Windows mwaona skrini yakuda na mawu oyera akuti "No boot device found" olo "Time-of-day not set", na kukuuzani kuti mutinike F1 kapena F2. Kasitomala wapita kwa neba. Mnzanu wina wafika, wayang'ana kamodzi chabe, ati, "Mudala, iyi yafa, gulitsani ku scrap."

Musathamange. Nthawi zambiri kompyuta yotere imakhala yamoyo, yaiwala chabe malangizo ake. Malangizowo amakhala mu BIOS, ndipo mungawakonze mweka osalipira munthu ndalama ya ndiwo.

BIOS ni kapulogalamu kakang'ono kamene kali mu chip pa motherboard. Kali monga mlonda wa pa fakitale amene amafika aliyense asanafike: kamaona ngati RAM ilipo, keyboard ilipo, hard drive ilipo, ndiye kaitana Windows kuti iyambe ntchito. Dzinali linayamba na Gary Kildall mu 1975, ndipo linafala na kompyuta ya IBM ya mu 1981. Makompyuta a masiku ano ali na mtundu watsopano wotchedwa UEFI, umene mungayendemo na mouse, koma mu town aliyense akali kunena kuti BIOS.

Kulowamo ni nkhani ya batani limodzi na changu. Mukangoyatsa, tinikani batani mobwerezabwereza Windows isanaoneke. Pa Dell ni F2, pa HP ni F10, pa Lenovo ya pa desiki ni F1. Ngati kompyuta ni yolumikiza, ya motherboard ya ASUS, Gigabyte olo MSI, tinikani Delete. Sewenzetsani keyboard ya chingwe, chifukwa ya wireless nthawi zina imachedwa kuuka. Ngati Windows 10 olo 11 ikali kutseguka, pali njira ina: gwirani Shift potinika Restart, ndiye musankhe Troubleshoot, Advanced options, pomaliza UEFI Firmware Settings.

Mukalowa, musasinthe chilichonse poyamba. Tulutsani foni mujambule peji iliyonse. Ili ndiye lamulo lalikulu, chifukwa tsiku limene zinthu zizasokonezeka, mapikicha amenewa ndiwo azakuonetsani njira yobwerera. Mumayenda na mabatani a mivi, Enter kulowa, Esc kubwerera. Mukaona kuti mwakhudza chinthu chimene simudziwa, tulukani na "Exit without saving" olo "Discard changes", zonse zizakhala monga zinalili.

Choyamba kuona ni deti na nthawi. Ngati BIOS ionetsa chaka chakale maningi, vuto ni kabatire kozungulira monga khobidi kamene kali pa motherboard. Dzina lake ni CR2032, ka mavolti 3, ndipo ni kamodzimodzi kamene kamakhala m'makiyi ambiri a galimoto na m'masikelo. Kompyuta ikakhala pa magetsi, olo ili yozima, wotchi yake imadya pang'ono kuchokera ku khoma. Magetsi akapita, kabatire ndiko kamanyamula katundu. Manje kumbukirani 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo makomboni anali kukhala maola opitirira 20 pa tsiku opanda malaiti. Makompyuta ambiri amene timagula ni a second hand ochokera m'maofesi, mabatire ake anali okalamba kale, ndiye load shedding inangowamaliza.

Deti yolakwika siili nkhani yaing'ono. Browser imayamba kukana mawebusaiti, ati "Your connection is not private", chifukwa imayerekeza deti ya kompyuta yanu na ya chiphaso cha webusaitiyo. Imwe muganiza kuti bundle yatha olo network yavuta, pamene kasitomala wa TPIN olo wa NAPSA ali kudikira. Kusintha kabatire n'kosavuta. Zimani kompyuta, chotsani chingwe ku khoma, tinikani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsala ithe. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze mkati. Kankhani kachitsulo kogwira batire, chotsani lakale, ikani latsopano mbali ya + ili pamwamba. Mukayatsa, lowani mu BIOS muike deti na nthawi, musunge na "Save and exit".

Chachiwiri ni "Boot Order" olo "Boot Sequence". Uwu ni mndandanda wa malo amene kompyuta imafunako Windows, kuyambira pamwamba kutsika. Ngati USB ili pamwamba ndipo kasitomala waiwala flash yake ya nyimbo kumbuyo, kompyuta ingayese kuukira pa flash imeneyo n'kukakamira pamenepo. Chotsani maflash onse, ndiye muike "Windows Boot Manager" olo dzina la hard drive yanu pa nambala 1. Tsiku limene mufuna kuyambira pa flash mwadala, monga poika Windows yatsopano, musasinthe mndandanda. Tinikani F12 pa Dell na Lenovo, olo F9 pa HP, musankhe kamodzi chabe. Koma ngati hard drive siioneka konse mu BIOS, zimani muone zingwe zake ziwiri, mwina chimodzi chamasuka pa ulendo wa pa wheelbarrow. Zingwe zikakhala bwino koma ikali kusowa, pamenepo ni ntchito ya technician.

Pafupi pamenepo pali msampha umene wadyetsa anthu ambiri ndalama. Muzaona mawu akuti "SATA Operation" olo "SATA Mode", na zosankha monga AHCI, RAID, kapena IDE pa makompyuta akale. Windows imazolowera njira imene inalipo pamene anaiika. Batire likafa, BIOS ingabwerere ku malangizo a ku fakitale n'kusankha njira ina, ndipo Windows imakupatsani skrini ya buluu yakuti "INACCESSIBLE BOOT DEVICE". Apa ndi pamene wina amati, "Tichite format." Format imafafaniza maCV, mapikicha a kitchen party na ma assignment a makasitomala anu onse. Musanavomere, bwezerani SATA pa zimene zili mu pikicha yanu. Ngati mulibe pikicha, yesani njira inayo, musunge, muyatse. Kusintha kumeneku sikufafaniza mafayilo. Koma mukadziwa kuti kompyuta yanu ili na ma hard drive awiri osewenza monga imodzi, isiyeni kwa wodziwa.

Chachitatu ni chimene kompyuta imachita malaiti akabwera. Dell imalemba "AC Recovery", HP imalemba "After Power Loss", ASUS imalemba "Restore AC Power Loss". Zosankha ni zitatu: ikhale yozima, iziyatse yokha, olo ibwerere monga inalili. Mu komboni mudziwa kuti malaiti nthawi zina amabwera, apita, abweranso mu mphindi imodzi. Kompyuta yoziyatsa yokha imayamba kutsegula Windows, magetsi adukanso pakati, ndipo mafayilo amaonongeka pang'onopang'ono. Sankhani "Power Off", muziyatsa mweka magetsi akakhazikika. Kupatula ngati ni kompyuta ya makamera a CCTV, imene ifunika kuuka yokha usiku. Dziwaninso kuti BIOS siitchinga magetsi obwera na mphamvu yopitirira. Malaiti akapita chotsani chingwe ku khoma, ndipo mukapeza ndalama gulani surge protector olo UPS.

Manje pali malo amene simufunika kuseweretsa. Loyamba ni "BIOS Update" olo "Flash BIOS". Magetsi akaduka pakati pa ntchito imeneyi, motherboard ingakane kuuka, ndipo pamenepo wa scrap uja angakhale kuti ananena zoona. Musachite update popanda chifukwa chenicheni, komanso popanda UPS olo inverter yodalirika. Lachiwiri ni mavolti a processor na RAM. Asiyeni pa Auto, kutentha kwa October mu kantemba ka malata kumakwanira kale. Lachitatu ni "Clear TPM" na "Secure Boot". Ngati hard drive yanu ni yokiyidwa na BitLocker, kukhudza zimenezi kungapangitse kompyuta kupempha kiyi ya manambala 48. Mukakhala mulibe, mafayilo anu simuwaonanso.

BIOS ingakuthandizeninso pogula. Mukapita ku Katondo Street olo Town Centre kufuna kompyuta, pemphani wogulitsa kuti mulowe mu BIOS musanatulutse ndalama. Mmenemo muzaona processor yeniyeni na kukula kwa RAM, chifukwa sticker ya pa bokosi aliyense angamate. Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 na processor ya Intel ya 8th generation kupita m'mwamba, olo ya AMD yofanana nayo. Mawu akuti "Core i5" paokha sakwanira, onani nambala yotsatira: i5-8500 ilowa, i5-4590 siili pa mndandanda. TPM nthawi zina imakhalapo koma yozima, pansi pa dzina la PTT pa Intel olo fTPM pa AMD. Ndipo BIOS ikapempha password imene wogulitsa saidziwa, bwezani ndalama m'thumba. Mwina ni ofesi yakale inaiwala kuichotsa, mwinanso katunduyo anatuluka pa windo, ndipo apolisi akabwera azapeza imwe, osati uja anakugulitsani.

Technician akali na ntchito yake. Skrini ikakhala yakuda osaonetsa olo chilembo chimodzi, kompyuta ikamalira mabelu obwerezabwereza, olo mukamva fungo la chinthu chopsa, zimani mupite nayo. Koma mukapita mudziwa kale kuti deti ili bwino, hard drive ioneka, SATA ili pamalo pake, palibe amene azakulipiritsani motherboard yatsopano pa vuto la kabatire.

Chitani ichi lero, kompyuta ikali kusewenza bwino: lowani mu BIOS, jambulani mapeji onse, tulukani osasunga. Mawa mukapita mu town gulani CR2032 imodzi muike mu drawer ya ndalama, pafupi na stapler.