Mmera Mpoyamba: Mwana ndi Mayeso a Sekondale

Makolo a ku Silverest ndi midzi yozungulira m'boma la Chongwe, ambiri a inu mufuna kuti ana anu akalowe m'masukulu a sekondale oyima paokha, monga Chengelo ku Mkushi kapena Banani ya atsikana ku Chisamba. Masukulu otere amayamba amuyesa mwana asanamlandire, makamaka pa Cingerezi ndi masamu.

Ife tikuti mwana sakonzeka m'mwezi umodzi. Kumtsekera m'nyumba ndi mapepala akale, mayeso atafika kale pakhomo, kumangomdzaza mantha. Mmera mpoyamba. Kuyambira Giredi 4 aziwerenga mokweza madzulo aliwonse, azifotokoza zimene wawerengazo, ndipo aziwonkhetsa yekha mtengo wa matumba a cimanga ndi feteleza.

Ndiponso yambani mwafunsa malipiro a zaka zonse, osati a temu yoyamba yokha. Kugulitsa munda wa makolo kwa ofuna mapuloti m'mbali mwa Great East Road, mwana n'kudzabwezedwa maphunziro ali pakati cifukwa ndalama zatha, ndiko kutaya zonse ziwiri. Kumbukirani kuti kuyambira 2022 masukulu a boma salipiritsa, ngakhale a sekondale. Cotero mwana akakanidwa pa sukulu imodzi musamnyoze, pakuti njira ya maphunziro ikali yotseguka.