Khofi wa ku Misuku ndi Nshawa za ku Zemba

Alipo anyamata ena otsiriza sukulu ku Zemba amene aganiza kuti akabzala khofi adzalemera monga alimi a ku Misuku. Anyamatawa alakwa ndithu. Khofi wa Arabica afuna mapiri ozizira ndi mvula yambiri, monga ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya m'dziko la Malawi, ndipo mtengo wace ulinda zaka zitatu usanabale. Dziko la Chadiza ndi la cimanga ndi nshawa.

Cimene ayenera kucitira nsanje si mtengowo ai, koma cigwirizano ca eni ace. Alimi a kumapiri aja anali pansi pa bungwe la Boma kuyambira 1971. Litatha bungwelo mu 1999 sanabalalike, ndipo mu 2007 anakhazikitsa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Khofi wao asenda, natsuka, nayanika pamodzi, nagulitsanso pamodzi.

Nanga mlimi wa ku Zemba? Asenza thumba lace yekha, naimirira yekha pamaso pa wogula, nalandira mtengo umene wauzidwa. Mnyamata amene akadamwerengera sikelo wapita ku Chipata kukafuna ukalaliki.