Nyumba Yabwino Imayankhula

Kodi nyumba ingathe kuphunzitsa munthu popanda mphunzitsi? Ine ndikuti ingathe, ndipo umboni wake uli mumzinda wa Washington, ku America. Kumeneko kuli nyumba yotchedwa House of the Temple, likulu la nthambi ina ya gulu la Freemasons yotchedwa Scottish Rite. Anaika mwala wa maziko mu 1911 ndipo anaitsegula mu 1915.

Katswiri amene analemba pulani yake ndi John Russell Pope. Iyeyu anatengera maonekedwe a manda a Mausolus, amene anamangidwa ku Halicarnassus, m'dziko limene lero ndi Turkey, zaka pafupifupi 350 Khristu asanabadwe. Nchifukwa chake denga lake linasanjikizana ngati makwerero, likumka licheperachepera kumwamba.

Koma Pope sanangokopera ayi. Chilichonse anachipatsa tanthauzo logwirizana ndi eni nyumba. Gululi lili ndi magawo 33 amene membala amakwera, tsono kunja kwa nyumbayi kuli zipilala 33, chilichonse chotalika mafiti 33. Makwerero a pakhomo anawagaŵa m'magulu a 3, 5, 7 ndi 9, ziŵerengero zimene eni ake amazilemekeza. Pambali pa makwererowo pali zifanizo ziŵiri za thupi la mkango koma mutu wa munthu, zosemedwa ndi Adolph Weinman. China chinatong'ola maso, ndicho Mphamvu. Chinzake chinatsinzinira, ndicho Nzeru. Munthu asanaloŵe n'komwe, wauzidwa kale kuti mphamvu yopanda kulingalira siipindula.

Ena adzati: "Gulu la zinsinsi lotere tiphunzirepo chiyani?" Enanso adzati kumanga nyumba ya amoyo mofanana ndi manda n'kuwononga chuma chabe. Mawu aŵa ngomveka, ndipo ine sindikuitanira munthu aliyense ku gululo. Komatu kuyamikira luso la mmisiri sikuvomereza chikhulupiriro cha mwini nyumba. Ngakhale boma la America linaona lusolo, pakuti pambuyo pake Pope yemweyo ndiye analemba pulani ya National Archives ndi ya Jefferson Memorial.

Phunziro lake ndi ili. Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulinga ku umisiri wa zomangamanga, musamakopere pulani chifukwa chakuti yakongola m'buku. Yambani mwafunsa: adzakhalamo ndani, adzachitiramo chiyani, nanga odutsa panjira idzawauza chiyani? Kukopera kosadziŵa chifukwa ndiko chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanu aphunzitsi, pophunzitsa masamu ndi mbiri yakale, onetsani ana kuti ziŵerengero sizithera pa bolodi. Zimasanduka zipilala ndi makwerero. Mwana akazindikira zimenezi adzayang'ana tchalitchi, mzikiti kapena khoti la kwawo ndi maso ofunsa, ndipo mwana wofunsa ndiye amadzakhala mmisiri weniweni.