Kufa na Ludzu Uli M'madzi

Ambili tinaloweza osmoregulation kuti tipase biology, mayeso atatha n'kuiŵala. Tinalakwitsa, cifukwa ni nkhani ya moyo na imfa.

Kamwana ka salmon mumtsinje wa ku Norway sikamwa madzi kwenikweni. Makha ake opumila amakokela mcele m'thupi, ndipo kamakodza kwambili. Koma nyanja yamcele, ya magalamu pafupifupi 35 pa lita, imayamwa madzi m'thupi la nsomba. Conco masana akayamba kutalika, kakali mumtsinje, kamasanduka kasiliva, makha n'kukonzekela nchito ina. Kakafika kunyanja kamayamba kumwa madzi, makha n'kumataya mcele, mkodzo n'kucepa.

Ndiye mlimi wa nsomba amene amakaponya m'nyanja kasanakonzeke, pothamangila phindu, ise sitingamuikile kumbuyo. Kamauma thupi n'kufa, madzi ali ponseponse.