Mwendo Upalasa, Koma Mimba Ndiyo Ilamula



Kuyambira m'chaka cha 2003, abale athu a ku Karonga ndi ku Chitimba anayamba kuona zachilendo chakumapeto kwa dzinja. Chinali chigulu cha anthu a mitundu yosiyanasiyana, ambiri mwa iwo azungu, atapsa ndi dzuwa, akupalasa njinga mu msewu wa M1 kulowera kummwera, malole awo ena ali patsogolo ena pambuyo. Anthuwa ankachokera ku Cairo m'dziko la Egypt ndipo ankapita ku Cape Town m'dziko la South Africa. Ulendowu umatchedwa Tour d'Afrique, ndipo anauyambitsa ndi bambo wina wa ku Canada dzina lake Henry Gold. Mtunda wake unali pafupifupi makilomita 12,000, woyenda miyezi inayi. Nkhondo imene inabuka ku Sudan mu 2023 inatseka njira yakale yodutsa kumeneko.

Tikamva zotere, funso lathu loyamba limakhala la miyendo: kodi anthu amenewa ali ndi mphamvu zotani? Koma eni ake akafika kwawo n'kuyamba kusimba, nkhani ya miyendo sichedwa kutha. Pamene amachedwa ndi pa nkhani ya supu, ya madzi, ya mzere wolandirira chakudya ndi ya malo ogona. Tsono lero tiyeni tiisiye njingayo poteropo, tilowe kukhitchini.

Tsiku la pa ulendo wa Tour d'Afrique limayamba kusanache. Aliyense amapinda yekha tenti yake, n'kukweza katundu m'lole, kenaka n'kukaima pamzere ndi mbale yake ndi kapu yake. M'mawa kumakhala phala, buledi, chiponde, nthochi ndi tiyi kapena khofi. Akatha kudya amanyamuka kuti aphe mtunda dzuwa lisanakwiye, pakuti tsiku limodzi amayenda makilomita pafupifupi 120, ndipo kuchigawo cha Botswana ndi Namibia linalipo tsiku lopitirira makilomita 200. Galimoto imodzi imatsogola n'kukaima chapakati pa mtunda wa tsikulo, pamthunzi ngati ulipo, kukayala chakudya cha masana ndi kudzaza mabotolo. Lole ya khitchini imapitirira mpaka kumalo ogona. Pambuyo pa onse pamabwera wantchito mmodzi pa njinga, woonetsetsa kuti palibe wotsala m'njira.

Chimene opalasa ambiri amachikumbuka koposa ndi supu amene amamupeza ali pamoto akangofika pamsasa. Ndi supu wamba, wamasamba ndi zotsala za dzulo, koma wothira mchere wokwanira. Munthu amene wakhala pa chishalo maola asanu ndi awiri, thukuta litauma n'kusiya mizere yoyera pamalaya, amamwa mbale ziwiri asanavule n'komwe nsapato. Madzulo amasonkhana kumva za njira ya mawa, pokhotera pati, chitunda chili pati, madzi akapezeka pati, ndipo akatha kudya chamadzulo ambiri amakhala atagona nthawi imene ife kuno tikungoyamba kumene kucheza pakhonde.

Amayi amene anaphikapo pa ukwati kapena pa sadaka ndiwo angamvetse bwino ntchito ya wophika wa pa ulendo wotere. Ukwati umachitika tsiku limodzi, pakhomo podziwika, nkhuni ndi madzi zitasonkhanitsidwa kale, anansi atabwereketsa miphika. Wophika uyu ali ndi ukwati tsiku ndi tsiku kwa miyezi inayi, ndipo tsiku lililonse khitchini yake amaipasula m'mawa n'kukaimanganso madzulo pamalo achilendo. Zaka zina gululi linkafika anthu 50 kapena kuposa. Tangowerengerani: anthu 60 aliyense atadya nthochi zinayi zokha, ndiye kuti pafunika nthochi 240 tsiku limenelo. Msika waung'ono wa m'mbali mwa msewu ukhoza kugulidwa wonse, osakwanira. Choncho wophika ayenera kudziwiratu kuti tauni yotsatira yokhala ndi msika waukulu ili masiku angati kutsogolo, ndi kuti ndi ziti zimene zingapirire kutentha kwa m'lole: anyezi, mbatata, kabichi, mpunga, nyemba. Nyama ndi matimati sizidikira munthu.

Madzi ndiye nkhani ina. M'chipululu cha Sudan madzi onse ankayenda m'mathanki a malole, ndipo lamulo linali lakuti ndi akumwa ndi ophikira basi. Wofuna kusamba ankadikira tsiku lopumula. Ife amene timangotsika masitepe ochepa n'kufika panyanja sitingalimvetse msanga lamulo limeneli. Koma pa zonse, mdani wamkulu wa gulu lotere ndi kutsegula m'mimba. Anthu ambiri akamadyera pamodzi, kugwira chipande chimodzi ndi mpopi umodzi, munthu mmodzi wosasamba m'manja akhoza kugonetsa theka la msasa. N'chifukwa chake asanaime pamzere aliyense amayamba wasamba m'manja ndi sopo. Wodwala m'mimba, kaya akhale ngwazi yotani, mawa lake amakwera lole njinga yake itamangidwa pamwamba.

Kuno kwathu njira yawo m'zaka zambiri inali yolowera pa Songwe, kugona ku Karonga, kupumula ku Chitimba, kenaka kukwera chitunda cha Chiweta kupita ku Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, n'kutulukira ku Mchinji. Pa tsiku lopumula khitchini ya lole imatseka, aliyense amadzionera yekha, ndipo apa m'pamene ogulitsa nsomba, mpunga, chipisi ndi zakumwa zozizira amapezerapo kangachepe. Alendowa amayamikira kukongola kwa nyanja ndi nsangala za anthu athu. Koma pali china chimene amasimbanso chomwe ife chimatichititsa manyazi: ana oima m'mbali mwa msewu n'kumakuwa kupempha ndalama mtunda wonse. Mwana sabadwa ndi mawu amenewo, amawaphunzira kwa akulu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona amapita nazo kutali.

Nanga n'chifukwa chiyani njala ya wopalasa njinga ili yoopsa chonchi? Thupi limasunga shuga wogwiritsa ntchito msanga m'minofu ndi m'chiwindi, koma nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Pa ntchito yolemetsa imatha m'maola awiri okha, mwinanso osakwana. Ikatha, miyendo imalemera ngati yamangidwa miyala, mutu umazungulira, munthu amakwiya popanda chifukwa, ndipo ena amangokhala pansi m'mbali mwa msewu n'kuyamba kulira. Akatswiri a zamasewera amalangiza kudya magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndiye kuti nthochi imodzi kapena ziwiri, kapena tende wodzaza kadzanja. Chinsinsi chake n'kudya njala isanafike ndi kumwa ludzu lisanafike. Kukatentha munthu akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ndipo thukutalo limapita ndi mchere. Kumwa madzi okhaokha ochuluka osabwezera mchere nakonso kumadwalitsa.

Apa tipatukeko pang'ono. Anyamata athu amene amanyamula madengu a usipa kapena utaka pa njinga kuchoka kunyanja kukwera kumtunda, ndi akabaza amene amapalasa tsiku lonse, thupi lawo ndi lomweli. Ambiri amanyamuka m'bandakucha atangomwa tiyi, n'kumati adya akagulitsa. Amayi, muikireni mwanayo mbatata yophika, nthochi ndi mtedza m'kathumba, ndipo m'chigubu chake cha lita imodzi ya madzi abwino muthiremo masupuni a tiyi asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, monga timachitira ndi wotsegula m'mimba. Thobwa nalonso ndi kamba wabwino zedi.

Tsopano tiwoloke nyanja zikuluzikulu tipite ku France, kumene kuli ulendo wa mtundu wina, wopanda lole yotsatira munthu. Umatchedwa Paris-Brest-Paris, ndipo ndi wa makilomita 1,200: kuchoka kufupi ndi mzinda wa Paris, kukafika ku doko la Brest kumadzulo, n'kubwereranso. Unayamba mu 1891, ndipo amene anapambana chaka chimenecho, Charles Terront, anatha maola opitirira pang'ono 71. Masiku ano umachitika kamodzi pa zaka zinayi m'mwezi wa Ogasiti, ndipo mu 2023 munali anthu oposa 6,000 ochokera m'mayiko ambiri. Kuti munthu aloledwe ayenera kuyamba watsiriza maulendo a makilomita 200, 300, 400 ndi 600 m'chaka chomwecho. Ambiri amasankha malire a maola 90, ndipo wotchi ikayamba kuyenda siima. Kudya, kugona, kupita kuchimbudzi, kumata tayala, zonse zili m'kati mwa maola omwewo.

Pa makilomita pafupifupi 80 kapena 90 aliwonse pali malo odinditsa kabuku kotsimikiza kuti munthu wadutsadi. Malowa kawirikawiri amakhala pasukulu kapena m'holo ya masewera, m'matauni monga Villaines-la-Juhel, Fougères, Loudéac ndi Carhaix, ndipo pomwepo m'pamene pamagulitsidwa chakudya: supu, mpunga, pasta, mbatata ya kachewere yopota, mazira, nyama. Ogwira ntchitoyi ndi anthu a m'matauni momwemo, ongodzipereka, usana ndi usiku. Ku Villaines-la-Juhel ana ndiwo amanyamulira opalasa thireyi ya chakudya kukafika nayo patebulo, poti manja a munthu wopalasa masiku awiri amakhala akunjenjemera.

Amene analephera kutsiriza ulendowu, ambiri sadandaula za zitunda. Amadandaula za nthawi imene inathera pamalo odindirawa. Munthu afika, asake poimika njinga pakati pa njinga mazanamazana, ayende kukadinditsa, aime pamzere wa chakudya, aime pamzere wolipira, aime pamzere wa kuchimbudzi, adzaze mabotolo, kenaka aiwale pamene anasiya njinga. Ola lathunthu lapita. Akachita chimodzimodzi pamalo khumi ndi awiri, wataya maola 12, amene akanagona. Ku Loudéac ndiye kumathina kwambiri, chifukwa opita ndi obwerera amakumana kumeneko usiku, onse anjala, onse atulo. Mabedi a m'holo amalipiritsa kangachepe, ndipo munthu amanena nthawi yoti adzutsidwe, wodzipereka n'kubwera kudzamugwedeza phewa. Mabedi akatha anthu amagona pansi pa matebulo, m'makonde, ngakhale m'mbali mwa msewu atadzikulunga m'kapepala konyezimira koteteza kuzizira. Walira mvula walira matope. Ozolowera amagula buledi m'sitolo ya m'njira, n'kudya akuyenda, ndipo pamalo odindira amangodinditsa n'kutuluka.

Vuto lina limabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu: mimba imakana. Zotsekemera zimene munthu ankazikonda poyamba zimayamba kumuchititsa nseru, m'kamwa mumachita zilonda, ndipo chimene chimalowa ndi supu, mpunga wamkaka kapena mbatata yopota basi. Amene anangodalira mtundu umodzi wa kamba amavutika kwambiri apa.

Msilamu wofuna kuyenda ulendo wotere ali ndi chowonjezera choti akonzekere. Ku Egypt ndi ku Sudan nyama ya pamsika sinali yodetsa nkhawa. Ku France chakudya chofulumira chimene chimapezeka paliponse ndi buledi wautali woikamo batala ndi nyama ya nkhumba, ndipo tizidutswa ta nkhumba timabisalanso m'zakudya zina zooneka ngati zamasamba. Munthu wotopa, wosadziwa Chifalansa, pakati pa usiku, pambuyo pake pali mzere wa anthu 50, si nthawi yabwino yoyamba kufunsa mafunso. Nzeru n'kulemberatu pakapepala m'chinenero cha komweko zimene sadya, kudalira mazira, tchizi, nsomba za m'chitini, mpunga ndi zipatso, ndi kusunga tende ndi mtedza m'chikwama. Pa ulendo wa lole, wophika auzidwe ulendo usanayambe, osati mbale ili kale m'manja. Mu 2011 ulendo wa ku France uja unagwa m'mwezi wa Ramadhan. Tikudziwa kuti wapaulendo ali ndi chilolezo chodzabweza masiku pambuyo pake, komabe za ulendo wongodzisankhira ngati umenewu ndi bwino kukhala pansi ndi a shehe musanalipire ndalama.

Koma chimene chimagwetsa misozi opalasa ambiri ku France sichili pa ndondomeko ya okonza ulendo. M'midzi ya chigawo cha Brittany ndi madera oyandikana nacho, mabanja amatulutsa tebulo kunja kwa mpanda, n'kuikapo madzi, khofi wotentha ndi makeke, ndipo amakhala pamenepo usiku wonse, agogo ndi adzukulu omwe, kuombera m'manja anthu osawadziwa. Ambiri salandira ndalama. M'mudzi wa La Tannière muli khomo lina limene linatchuka chifukwa chopatsa opalasa zikondamoyo zopyapyala ndi khofi kwaulere. Malipiro ake anali amodzi: mlendo ankapatsidwa kapepala ka keyala, kuti akafika kwawo atumize positikhadi. Makhadi a maulendo am'mbuyo ankawapachika pomwepo kuti odutsa awaone, ochokera ku Japan, ku Brazil, ku Australia ndi kwina kutali. Ulendo wotsatira ukuyembekezeka mu 2027.