Kabureta yaikulu ndi dzenje m'thumba

Tisanamizane: kabureta yaikulu siipatsa vaneti mphamvu. Koma pa mseu wa Vubwi kupita ku Chipata tikuona anzathu akuchotsa kabureta ya fakitale pa Hilux yakale ya injini ya 4Y, n'kuikapo Weber 38, chifukwa chongosintha ekizosi.

Injini ya malita 2.2 imakoka mpweya wolingana ndi kukula kwake. Mukaikulitsira khosi, mpweya umayenda mwaulesi, sukokanso petulo bwino pa jeti. Mukaponda pa chikweza mutasenza matumba a chimanga, injini imatsamwa. Weber 38 imatsegula makomo onse awiri nthawi imodzi, pomwe 32/36 imayamba ndi laling'ono, lalikulu n'kudikira mpaka mupondetse. Motoka ya katundu imafuna yotere.

Amati yaikulu imathamanga. Inde, pa tala, injini ikulira kwambiri, kumbuyo kulibe kanthu. Ndani amayenda tero ku Vubwi m'dzinja?

Ndalama imeneyo tiyambe tagulira fyuluta ya mpweya, mapulagi ndi majeti oyenera kuno kumtunda kumene mpweya ndi wopepuka. Utsi wakuda kumbuyo kwa vaneti ndi phindu la soya likupsa.